Pulogalamu ya mapu ikumangodzitseka podawuniloda: njira iti imathandiza, iti ndi yongotayitsa nthawi

Amene munagwirako ntchito ndi mapu pa kompyuta kapena pa foni mukudziwa kuwawa kwake. Wasankha dera lako bwinobwino, wadina download, kamzere kaja kakuyenda kakuyenda, kenako phi, pulogalamu yazimiririka osatsanzika nkomwe. Pena siizima ayi koma imangouma gwa, sikirini yatuwa, kudina paliponse osayankha. Nde ambirife chimene timathamangira ndi kuichotsa nkuiikanso, ndipo ndineneretu pompano kuti pa njira zonse zimene ndikambe apa imeneyo ndi imene imathandiza mwa apo ndi apo kwambiri.

Ndinaziona ndekha. Tsiku lina pulogalamu yanga inkangofa ndikangoyamba kutsitsa data, olo kadera kakang'ono bwanji. Ndinaichotsa nkuiikanso katatu konse, ulendo wachitatu ndinachita kuzimitsa laputopu kaye nkuyatsanso ngati kuti ikhala yaiwala, koma ayi ndithu, kudina download basi yapita. Kumapeto ndinapeza kuti inali pulagini, kachidutswa koonjezera pa pulogalamu, ina yakalekale imene ndinaika ndekha nkuiwala. Nanga kuchotsa pulogalamu kumachotsa ma setting? Sikuchotsa. Foda ya ma setting ndi ma pulagini imakhala kwina, pa Windows imakhala mu AppData, nde ukaiikanso pulogalamu ija imangopita kukatola vuto lomwe lija pomwe linagona. Madzulo onse anapita chonchi.

Musanasankhe njira, onani kaye kuti ikufera pati. Izi zokha zimadula theka la ntchito. Ikafa mukangodina, data isanabwere olo pang'ono, kayikirani pulagini, ma setting kapena netiweki. Ikafa pakati kamzere kakuyenda, kawirikawiri ndi intaneti yaduka, seva yakukanani kapena foni yaipha yokha. Koma ikafika mpaka kumapeto, 100% yeniyeni, nkufa pamene ikufuna kukuonetsani mapuwo, download ilibe mlandu, vuto ndi memori kapena malo osungira. Anthu ambiri amati "ikufa podawuniloda" pomwe kwenikweni ikufa potsegula zimene yadawuniloda kale.

Kuchepetsa dera

Iyi ndi njira yotchipa kuposa zonse ndipo anthu amainyoza chifukwa siyooneka ngati yaukatswiri. Data ya OpenStreetMap, mapu aulere a pa intaneti amene aliyense amatha kujambulapo, mukamaitenga kudzera pa seva yawo yaikulu, mmene JOSM, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mapu amenewa, imachitira mukadina download, pali malire awiri: dera lisapitirire 0.25 square degree, ndiponso ma node, timadontho timene timapanga misewu ndi nyumba pa mapu, asapitirire 50,000 pa ulendo umodzi. Malire oyambawo ndi aakulu ndithu, ngati bokosi la makilomita 55 mbali iliyonse mukakhala pafupi ndi equator, koma achiwiriwo ndi amene amakola anthu. Kumalo kopanda nyumba zambiri mutha kutenga bokosi lalikulu osavuta, koma pakati pa London kapena Tokyo pamene nyumba iliyonse, mtengo uliwonse, benchi iliyonse zinajambulidwa, kabokosi kakang'ono kokha kakwana kale 50,000. Seva ikakana imatumiza uthenga, ndiye umenewo si crash ayi, werengani uthengawo musanautseke. Chovuta ndi pamene mwatenga timabokosi tambirimbiri tonse nkumalowa mu layer imodzi, kalikonse pakokha kali bho koma pamodzi tadzaza memori.

Ubwino wake palibe choika, palibe chosintha, mphindi imodzi mwadziwa. Kabokosi kakang'ono kakadutsa ndiye kuti vuto ndi kukula kwa katundu, kakafanso ndiye kuti vuto lili kwina musavutike ndi memori. Kuipa kwake nkwakuti ngati mukufunadi mzinda wonse kapena dziko lonse, njira iyi ikukalambitsani, komanso seva imeneyi anaipangira anthu okonza mapu osati otuta data yambiri, mukanyanyira imakuimitsani kaye.

Kuonjezera memori

Apa nde pali nkhani. JOSM imayendera pulogalamu ina yotchedwa Java, ndipo Java siitenga RAM, ndiye kuti memori, yonse ya kompyuta yanu, mukapanda kuiuza imangodzipatsa gawo limodzi mwa magawo anayi. Kompyuta ya 8 GB ndiye kuti JOSM ikusewera ndi 2 GB basi, zinazo zingokhala. Ikadzaza mumaona OutOfMemoryError, kapena isanafike pamenepo imayamba kukwawa chifukwa Java ikungosesa memori kufuna malo amene palibe. Kuiuza kwake nkosavuta, poitsegula pa terminal, windo lakuda lolembamo malamulo, mumalemba java -Xmx4G -jar josm-tested.jar ndipo yapeza 4 GB. Kuti mutsimikize pitani pa Help, Show Status Report, pali mzere wa Memory Usage umene umaonetsa kuti yapatsidwa zingati ndipo yadya zingati. Ngati Java yanu ndi ya 32-bit musavutike nkulemba manambala aakulu, pa Windows siipita patali kuposa 1.5 GB, ikani kaye ya 64-bit.

Njira iyi ikagwira imagwiradi, tsiku lomwelo. Koma walira mvula walira matope. Munthu amaona kuti 4 GB yathandiza nde amati bwanji ndiipatse 7 GB pa kompyuta ya 8 GB, kuiwala kuti Windows nayo ikufuna kudya, browser yotsegula ma tab makumi awiri nayonso ikufuna kudya. Zikatero kompyuta imayamba kugwiritsa ntchito disiki ngati memori, ndipo m'malo moti pulogalamu imodzi ife, makina onse amauma. Ine sindipitirira theka la RAM. Chinanso, memori imangosuntha khoma kulipititsa patsogolo pang'ono, siilichotsa, mawa mudzatenga dera lokulirapo mudzaligundanso. QGIS, pulogalamu ina ya mapu ya pa kompyuta, ilibe nambala yoteroyo yoti musinthe chifukwa siyendera Java, nde kumeneko kuonjezera memori ndiye kuti kutseka mapulogalamu ena kapena kugula RAM yeniyeni. Pa foni iwalani.

Overpass, kutenga zokhazo zimene mukufuna

Funso limene ndimafunsa munthu aliyense amene akudandaula ndi lakuti kodi data yonseyo mukuifunadi? Kawirikawiri munthu akufuna misewu yokha, kapena zipatala zokha, koma akututa nyumba zonse ndi mipanda yomwe. Overpass API, seva ina yosefera data ya OpenStreetMap, imakulolani kunena kuti ndipatseni highway zokha m'dera ili, ndiye misewu, kapena amenity=school basi, ndiye masukulu. Mu JOSM ili pomwepo pa windo la download, mu QGIS pulagini ya QuickOSM imayendera momwemo. Katundu amachepa kwambiri, memori imapuma.

Koma ilinso ndi makhalidwe ake. Mukapanda kunena nthawi imadikira masekondi 180 nkusiya, ndipo zida zambiri zimakulemberani timeout:25 zokha, ndiye funso lalikulu, kutanthauza pempho lanu la data, limadulidwa lisanathe. Kwezani nambalayo. Ilinso ndi malire a memori a 512 MB pa funso limodzi amene mutha kukweza ndi maxsize, ngakhale mukapempha zambiri seva imachedwa kukupatsani mpata. Mukaona uthenga wa nambala 429 ndiye kuti mwapempha pafupipafupi, dikirani pang'ono, mukaona 504 seva yatanganidwa. Eni ake a seva yaikulu ya Overpass amati osapitirira mafunso 10,000 ndi 1 GB pa tsiku ndiye kuti simukusokoneza anzanu. Nde kumangodina kudina mokwiya sikuthandiza, mukungodzitsekera nokha.

Chenjezo limodzi kwa okonza mapu, ndipo ili ndi lofunika. Data yosefa chonchi ndi yabwino kuonera ndi kuwerengera, koma kukonzera ndi yoopsa. Mwatenga misewu yokha, mukusuntha node imene simukudziwa kuti yagwirananso ndi mlatho kapena malire amene simunatsitse, mwaononga zinthu zimene simukuziona nkomwe. Komanso popanda kulemba mau oti out meta kumapeto kwa funso, JOSM ilibe manambala a version oti itumizire zosintha zanu.

Kudawuniloda fayilo padera, kenako nkuitsegula

Iyi nde njira yanga ya pamtima, ndikhalapo pang'ono. Vuto lalikulu la kudawuniloda mkati mwa pulogalamu ndi lakuti ntchito zitatu zamangidwa pamodzi, kukoka data pa intaneti, kuimasula, ndi kuijambula pa sikirini. Imodzi ikagwa zonse zagwa, muyambirenso pa ziro, bando yanu yapita ulele, ndipo simukudziwa kuti yagwa ndi iti. Mukazilekanitsa chilichonse chimaonekera poyera.

Geofabrik, kampani ya ku Karlsruhe ku Germany, imadula data ya OpenStreetMap m'makontinenti, m'maiko, ndipo maiko ena mpaka m'zigawo, nkumaikonzanso tsiku ndi tsiku, kutenga kwake nkwaulere. Mumatenga fayilo ya .osm.pbf ya dziko limene mukufuna. Tengani ya mtundu wa PBF osati wa XML, ndi yaing'ono komanso imawerengeka msanga. Kuti muone kusiyana kwake, fayilo ya dziko lonse lapansi imene amati planet ndi yopitirira 70 GB mu PBF, koma XML yake mukaimasula imapitirira 1 TB. Planet imeneyo musaiyandikire ngati simukudziwa chimene mukufuna nayo.

Kukoma kwake kuli apa: intaneti ikaduka pakati simuyambiranso. Malamulo a pa terminal a wget -c kapena curl -C - amapitiriza pomwe zinalekera, olo download manager wamba amatha. Mukamaliza pali kafayilo ka .md5 pambali pake koti muyerekeze, manambala akafanana ndiye kuti fayilo yafika yathunthu. Anthu amadumpha pamenepa, koma fayilo yoduka imaoneka ngati yabwinobwino mu foda, dzina lomwelo, kenako pulogalamu ikaiwerenga nkufika pamene padukapo imagwa, inu nkumatukwana pulogalamu yosalakwa.

Tsono musachite chibwana chotsegula fayilo ya dziko lonse mu JOSM, ifa ndithu ndipo mlandu sukhala wake. Iduleni kaye. Osmium, chida cha pa terminal chodulira mafayilo oterewa, ili ndi lamulo la osmium extract, mumaipatsa bokosi ndi -b nkutulutsa kafayilo ka dera lanu lokha. Samalani ndi kasanjidwe ka manambala, Osmium imafuna longitude poyamba kenako latitude, kumanzere, pansi, kumanja, pamwamba, pomwe Overpass imayambira kummwera, kumadzulo, kumpoto, kummawa, ndiye kuti latitude poyamba. Mukasokoneza mumapeza fayilo yopanda kanthu kapena dera la pakati pa nyanja, ine zinandichitikira kangapo ndisanazolowere. Mu QGIS, fayilo ya PBF imatseguka koma imalemera kuyendamo, bola kuisintha kaye ndi chida cha ogr2ogr kukhala fayilo ya mtundu wa GeoPackage, ikatero imathamanga chifukwa pulogalamu imangowerenga pamene mukuonapo.

Kuipa kwake kulipo, sindibisa. Pamafunika kulemba malamulo pa terminal, ndipo ena akangoona sikirini yakuda ija mtima umagwa. Data yake imakhala ya dzulo osati ya pompano, nde ngati mukufuna kukonza nkutumiza ku OpenStreetMap, dinani kaye Update data mu JOSM apo ayi mukangana ndi zimene anzanu asintha m'mawa uno. Komanso kuyambira 2018 mafayilo apoyera a Geofabrik sakhala ndi maina a anthu amene anajambula, chifukwa cha malamulo a ku Europe oteteza zinsinsi za anthu, zimene kwa ambirife zilibe ntchito. Tsiku loyamba njira iyi imadya nthawi kuposa zina zonse. Masiku otsatirawo ndi imene siikudzutsani usiku.

Kuyamba ndi ma setting atsopano

Mmalo mochotsa pulogalamu chitani izi. JOSM itseguleni ndi --skip-plugins, QGIS ndi --noplugins, kapena mu QGIS pitani pa Settings, User Profiles, New Profile, imatseguka ngati yangobadwa kumene koma zanu zakale zili pomwepo osakhudzidwa. Yesani download yomwe ija. Ikadutsa mwagwira wakuba, chatsala nkubweza ma pulagini imodzi imodzi mpaka ife. Ndi ntchito yobowa koma kuona maso a nkhono nkudekha. JOSM ilinso ndi --reset-preferences koma imeneyo imafufuta zonse, koperani kaye foda yanu. Ndikanadziwa izi tsiku lija zikanatenga mphindi zisanu.

Pomwepa nditchuleko za version. Ngati vuto layamba mutangopanga update, bwererani ku yodekha, JOSM ili ndi tested, yodekhayo, ndi latest, yatsopano kwambiri, QGIS ili ndi LTR imene imakhala nthawi yaitali ikungokonzedwa zolakwika. Pa ntchito yeniyeni ine ndimakhala pa tested ndi LTR, zatsopanozo aziyesa amene ali ndi nthawi.

Nanga ikakhala netiweki? Zizindikiro zake zimadziwika. Mau ngati SSLHandshakeException kapena PKIX ndiye kuti pali china chaima pakati pa inu ndi seva, kawirikawiri antivirus kapena proxy ya ku ofesi, seva imene intaneti ya pa ofesipo imadutsamo, ndipo browser itha kumayenda bwinobwino pomwe Java ikukana chifukwa Java imasunga ma certificate ake, ziphaso zotsimikizira seva, payokha. Onaninso wotchi ya kompyuta, deti likalakwika ma certificate onse amaoneka ngati otha ntchito. Kuyesa kwake kwachidule nkulumikiza ku intaneti ina, olo hotspot ya foni, nkuona ngati zasintha. Java yeniyeniyo ikagwa, windo nkungosowa popanda uthenga, imasiya fayilo yoyamba ndi hs_err_pid, mukaitsegula nkuona dzina la driver wa graphics pamwamba ndiye kuti kokonza ndi kumeneko osati ku mapu.

Pa foni ndi nkhani ina

OsmAnd, Organic Maps, Google Maps ndi anzawo, pa foni zoyambitsa zake ndi zochepa ndipo zimabwerezabwereza. Choyamba malo. Mapu ambiri amabwera atapanikizidwa, nde pomasula foni imafuna malo a fayilo yopanikizayo ndi yomasukayo nthawi imodzi. Mukaona mapu a 500 MB inu muli ndi 600 MB musati zakwana. Siyani malo owirikiza kawiri kapena kuposa.

Chachiwiri batire. Android ikaona sikirini yazima imayamba kugoneka mapulogalamu kuti isunge moto, nde download yaitali imafera m'thumba, mukatulutsa foni mukupeza pulogalamu yayambiranso ngati inagwa. Pitani ku ma setting a batire a pulogalamuyo muike Unrestricted, kapena ingoikani foni pa chaja sikirini ili chiyakire mpaka ithe. Zosaoneka zanzeru koma zimagwira.

Chachitatu memori khadi, ndipo apa ndinapsa. Ndinali ndi khadi yolembedwa 64 GB, mapu ankatsika mpaka kumapeto, kenako ndikati nditsegule pulogalamu imadzitseka. Ndinapanga clear cache, ndinadawunilodanso kawiri, zomwezo. Nditaiika pa kompyuta nkuiyesa ndi H2testw, imene imalemba khadi yonse nkuwerenganso, mizere yofiira inangoti mbwee, khadiyo inali yabodza, malo ake enieni anali ochepa kwambiri ndipo zopitirira pamenepo zinkangotayika chinunu foni nkumati zasungidwa. Nditasamutsira mapu mu memori ya mkati mwa foni vuto linatha pomwepo. Olo khadi ikhale yeniyeni, ikakhala ya FAT32 siilandira fayilo imodzi yopitirira 4 GB.

Pakati pa clear cache ndi clear data pali phompho. Cache fufutani mopanda mantha. Clear data imatha kutenga mapu onse amene munatsitsa pamodzi ndi malo amene munasunga ndi njira zimene munajambula, nde musanaidine tulutsani kaye zinthu zanu mu fayilo ya GPX kapena KML muzisunge kwina. Ndipo m'malo modina maiko asanu nthawi imodzi, tsitsani chigawo chimodzi, chithe, kenako china. OsmAnd ili ndi mwayi wina woti mafayilo ake a .obf mutha kuwatsitsa pa kompyuta nkuwakopera mu foda yake pa foni, yomwe ndi njira ija yolekanitsa download ndi kutsegula, kungoti yavala malaya ena.

Pali njira ina imene anthu amalangizana imene ine sindiivomereza, yogwiritsa ntchito zida zokoka ma tile, tizithunzi ta mapu tija, zikwizikwi kuchokera pa seva ya OpenStreetMap kuti ukhale ndi mapu opanda intaneti. Malamulo a seva imeneyo amaletsa kututa chonchi, imayendera thandizo la anthu ongodzipereka, ndipo akakuonani amakutsekerani. Zoom iliyonse mukatsika ma tile amachuluka kanayi, ndiye chida chanu chifa ndithu ndi timafayilo mamiliyoni, ndipo mukhala mwavutikira zithunzi chabe zopanda data yoti mufufuzemo dzina la msewu.

Nde ine zikandichitikira lero ndimayamba ndi kabokosi kakang'ono, chifukwa ndi mphindi imodzi. Kakafa ndimatsegula popanda ma pulagini, kenako ndimayesa intaneti ina. Kakadutsa ndimadzifunsa kuti ndikufuna chani kwenikweni, zikakhala zinthu za mtundu umodzi ndi Overpass, likakhala dera lalikulu ndi zonse zake ndi Geofabrik ndi Osmium, ndipo -Xmx ndimaikweza kamodzi kokha mpaka theka la RAM nkuisiya pomwepo. Zonsezi zikakanika ndimakopera Status Report ija kapena uthenga umene QGIS imaonetsa ikagwa, nkulemba bokosi lenileni limene ndimatsitsa ndi version yanga, nkutumiza kwa okonza pulogalamuyo, chifukwa mukangolemba kuti "ikumafa" popanda zimenezi akubwezerani funso lomwelo loti ikufera pati.